Sikani si ya mimba yokha, itsikirenso ku phazi

Funsani munthu aliyense pamsika kapena padepoti kuti sikani ndi ya chiyani, yankho silichedwa: ndi yoonera mwana m'mimba. Ngakhale ife amene tikuphunzira zachipatala, tikamva kuti wodwala watumizidwa ku sikani, maganizo amathamangira ku chiberekero, chiwindi kapena impso. N'zomveka, poti makinawa anatchukira komweko. Mu 1958 Ian Donald, dokotala wa azimayi ku Glasgow, pamodzi ndi anzake John MacVicar ndi Tom Brown, anasindikiza mu The Lancet zimene anapeza pounika zotupa za m'mimba ndi mafunde a mawu, nzeru imene anaitengera ku makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo. Kuyambira pamenepo sikani ndi mimba zakhala ngati mphika ndi chivindikiro chake.

Maganizo athu ndi akuti makinawa atsikirenso ku kakolo ndi ku phazi, ndiponso kuti wophunzira ntchito ya clinical officer asatuluke pakoleji asanaunikepo chidendene cha munthu. Sitikupempha kuti tonse tisanduke akatswiri ojambula. Tikunena za mafunso ochepa, anayi kapena asanu, amene sikani imayankha m'mphindi zosakwana khumi, koma amene akasiyidwa osayankhidwa munthu amatsimphina chaka chathunthu.

Taganizani za anthu amene tidzawathandize tikamaliza. Mayi wothyola tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje amaimirira pamalo otsetsereka kuyambira m'mamawa, dengu lili kumsana, ndipo chimene adzalandire chimatengera makilogalamu amene wathyola. Wakabaza amadya chifukwa chopalasa. Mlimi, wogulitsa malonda oyenda nawo, namwino wa usiku, onsewa phazi ndiye khasu lawo. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33, zonse zomangidwa ndi mitsempha ndi minyewa yambirimbiri. Koma munthu akabwera akudandaula phazi, njira yake m'zipatala zambiri ndi yodziwika kale: Brufen, bandeji, ndipo akalimbikira kudandaula, X-ray. Chithunzi chikabwera amauzidwa kuti palibe chathyoka, apite kunyumba azikathowa ndi madzi ofunda. Mawu akuti palibe chathyoka ndi oona, koma wodwala amawamva ngati akuti palibe vuto. X-ray imaona mafupa, pamene zambiri zimene zimapweteka m'phazi si mafupa ayi. Munthu uja akatopa amapita kukatemera mphini pakakolo, ndipo tisafulumire kumuseka. Kumeneko wina wamugwira phazi n'kumuuza chimene chili mkatimo, chikhale choona kapena chabodza.

Kwa anzathu a zaubusa ndi a zamalonda amene akuwerenga nawo, tifotokoze pang'ono mmene makinawa amagwirira ntchito. Khutu la munthu limamva mawu onjenjemera mpaka ka 20,000 pa sekondi. Kachipangizo kogwira m'manja, kamene timangokatchula kuti probe, kamatumiza mafunde onjenjemera mamiliyoni angapo pa sekondi. Mafundewo amayenda m'minofu pa liwiro la pafupifupi mamita 1,540 pa sekondi, ndipo akagunda chinthu amabwerera monga amachitira mawu ukafuula m'phanga. Makina amawerenga nthawi imene atenga kuti abwerere n'kujambula chithunzi. Madzi amaoneka akuda, fupa limaoneka ngati mzere woyera wokhala ndi mthunzi kumbuyo kwake, ndipo mtsempha wabwinobwino umaoneka ngati chingwe cha khonje chokhala ndi timizere tondondozana. Mulibe cheza choopsa ngati cha X-ray, choncho mwana ndi mayi woyembekezera angaunikidwe kangapo popanda nkhawa.

Phazi ndi sikani zimayanjana chifukwa pafupifupi zonse zimene tikufuna kuona zili pafupi ndi khungu, osapitirira masentimita atatu kapena anayi. Koma pomwepa ndi pamene pali chopinga chimene anthu ambiri sachidziwa. Probe imene ili m'chipinda cha azimayi oyembekezera ndi yokhota kumaso, ya ma MHz 2 mpaka 5, yopangidwira kuona zakuya. Mukaiika pachidendene mumangoona chifunga. Ya phazi ndi yowongoka kumaso, ya ma MHz 10 kupita m'mwamba, imene siloweza kwambiri koma imaonetsa tinthu tating'ono kwambiri. Choncho chipatala chikhoza kukhala ndi makina abwino koma osatha kuunika phazi chifukwa chosowa kachipangizo kamodzi kokha. Amene amagula zipangizo akanati azifunsa funso limeneli pogula, nkhani yathuyi ikanafupika ndi theka.

Tiyambe ndi munga, poti ndi nkhani ya kwathu kuno. Anthu ambiri amalima, kutola nkhuni ndi kuweta mbuzi opanda nsapato kapena atavala patapata. Munga kapena chisonga chikalowa m'phazi n'kuthyokera mkati, khungu limatseka pamwamba. Patapita milungu iwiri phazi latupa, likutuluka mafinya pang'onopang'ono. Wodwala amapatsidwa mankhwala opha tizilombo, bala limauma, mankhwala akatha limayambiranso. Akajambulidwa X-ray sipaoneka kanthu, chifukwa chitsulo ndi galasi zimaoneka pa X-ray koma mtengo nthawi zambiri suoneka. Pa sikani munga umaoneka ngati kamzere koyera kokhala ndi mthunzi, ndipo ukakhalitsa umazunguliridwa ndi mkombero wakuda wa kutupa. Woona amatha kudziwa utali wake, kuya kwake, kumene waloza, ndi kuyandikira kwake ku mtsempha wa magazi. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Popanda sikani, wochita opaleshoni amang'amba phazi n'kumafufuza ndi chopanira m'magazi, mwina ola lathunthu, mwinanso osaupeza. Ali ndi sikani amalemba chizindikiro pakhungu, kuchita dzanzi pamalopo, kucheka pang'ono n'kuutulutsa. Ndipo pamene munga wapezeka, wothandiza amakumbukiranso kufunsa za katemera wa kafumbata, funso limene limaiwalika bala likamatengedwa ngati chithupsa wamba.

Chachiwiri ndi mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa kakolo, wa Achilles, umene umalumikiza katumba ndi chidendene. Umaduka kawirikawiri masentimita 2 mpaka 6 pamwamba pa chidendene, ndipo wodwala amafotokoza kuti anamva ngati wina wamumenya ndi mwala kumbuyo, atacheuka panalibe munthu. Chimene chimasocheretsa n'chakuti munthuyo amathabe kuyenda motsimphina, ndipo atagona amatha kuweramitsa phazi pang'ono, chifukwa mitsempha ina ing'onoing'ono imathandizira. Ndiye amalembedwa kuti wangobinya. Pano tinene mosabisa kuti choyamba si makina. Wodwala agone chafufumimba, mapazi alendewere kumapeto kwa bedi, mufinye katumba. Phazi likapanda kugwedezeka, mtsempha waduka. Kuyeza kumeneku, kumene mabuku amakutcha kwa Thompson kapena kwa Simmonds, sikufuna magetsi. Sikani imabwera kudzayankha zotsatira zake: waduka wonse kapena mbali chabe, mpata wake ndi wautali bwanji, ndipo tikaweramitsa phazi nsonga ziwirizo zikukumana kapena ayi. Ili ndi funso limene chithunzi choima sichingayankhe, koma sikani imaliyankha chifukwa mumaona mtsemphawo ukuyenda pamene mukugwedeza phazi. Nsongazo zikamakumana, munthu angathe kuchira ndi chikhakha choikidwa phazi litaloza pansi, osapita ku opaleshoni. Koma pakapita mwezi kapena milungu isanu ndi umodzi asanathandizidwe, katumba amakhala atakokera mtsempha m'mwamba, mpata wadzaza ndi chipsera, ndipo chotsala ndi opaleshoni yovuta imene imachitika m'zipatala zazikulu zokha. Kwa wakabaza, kusiyana kwa sabata yoyamba ndi yachisanu ndi chimodzi ndi kusiyana kwa kubwerera panjinga ndi kuigulitsa.

Pali kanthu kena kokhudza mtsempha umenewu kamene tonse olemba mankhwala tiyenera kukasunga. Ciprofloxacin, amene amaperekedwa mowolowa manja pa matenda otsegula m'mimba ndi a chikhodzodzo, amafooketsa mitsempha yotereyi. Mu 2008 bungwe la FDA ku America linalamula kuti chenjezo lake lamphamvu kwambiri liikidwe pa mankhwala a gulu limeneli, ndipo chiopsezo n'chachikulu kwa anthu opitirira zaka 60 ndi amene akumwanso ma steroid monga prednisolone. Agogo amene akumwa cipro akayamba kudandaula kumbuyo kwa kakolo, si nyamakazi ya ukalamba mpaka titatsimikiza.

Tsopano chidendene, chimene ndi dandaulo lofala kuposa onse. Munthu akadzuka m'mawa, mapazi oyamba kuponda pansi amamva ngati waponda msomali, akayenda pang'ono zimachepa, madzulo zimabwereranso. Kunsi kwa phazi kuli mnyewa wolimba wochokera kuchidendene kukafika ku zala, umene umagwira phazi kuti likhale lokhota ngati uta. Ukatopa umakhuthala pamene walumikizana ndi fupa. Pa sikani timauyeza, ndipo ukapitirira mamilimita 4 ndi chizindikiro cha matendawa, makamaka tikayerekeza ndi phazi linalo. X-ray pano imasokoneza m'malo mothandiza. Nthawi zambiri imaonetsa kafupa kosongoka pansi pa chidendene, ndipo wodwala akakaona amakhulupirira kuti ndi kamene kakumubaya, n'kuyamba kufunafuna womuchotsa. Komatu anthu ambiri ali nako kafupako ndipo samva ululu uliwonse. Chithandizo chenicheni n'chosasangalatsa kumva: kuwongola katumba ndi kunsi kwa phazi tsiku lililonse, nsapato yokhala ndi chidendene chofewa, kuchepetsa kuimirira pasimenti, kuchepetsa thupi ngati lakula. Ambiri amachira chaka chisanathe. Phindu la sikani apa ndi loti wodwala amaona ndi maso ake mnyewa wa phazi lodwala ndi wa phazi labwino. Munthu amene waona chimene chikumupweteka amapirira kuchita zolimbitsa thupi kwa miyezi itatu, pamene wongouzidwa pakamwa amasiya patatha masiku anayi.

Nanga jakisoni? Apa ndi pamene tikufuna tichenjezane. Ndi zoona kuti sikani imathandiza kulondolera singano, chifukwa woibaya amaiona ikulowa n'kufika pamene akufuna. Koma kuona singano sikusandutsa jakisoni wosafunika kukhala wofunika. Steroid wobayidwa pachidendene amachepetsa ululu kwa milungu yowerengeka, ndipo akabwerezedwabwerezedwa angathe kudula mnyewa uja kapena kusungunula mafuta amene amateteza fupa la chidendene, amene sabwereranso. Mu mtsempha wa Achilles ndiye sabayidwamo n'komwe. Tonse tikudziwa mmene anthu athu amakhulupirira jakisoni kuposa mapilisi, ndi mmene chikhulupiriro chimenechi chimasandukira ndalama. Makina owala akawonjezekera pamenepo, yesero limakula. Ngati sikani ya phazi idzafike kuno ngati njira yolipiritsa kawiri, kujambula kenaka kubaya, kuli bwino isabwere.

Zina tingozidutsa mwachangu. Phazi lofiira ndi lotupa, sikani imasiyanitsa ngati muli thumba la mafinya lofunika kuboola kapena ndi kutupa kwa khungu kofunika mankhwala okha. Imaonetsa madzi m'mfundo ya kakolo ndi malo abwino owakokera kuti akayezedwe. Imaonetsa mchere wa gout utakuta chichereŵechereŵe cha chala chachikulu, ndi kachotupa ka mtsempha womvera kamene kamamera pakati pa chala chachitatu ndi chachinayi mwa ovala nsapato zothina. Izi zotsirizazi zimafuna dzanja lozolowera, ndipo si zimene tikupempha kuti ziphunzitsidwe kwa aliyense.

Tikudziwa zimene ena anganene, ndipo si zopanda nzeru. Maphunziro ndi odzaza kale. Dziko limene amayi akumwalirabe pobereka ndi ana akufa ndi malungo lilibe nthawi yoyeza zidendene. Makina amodzi amene chipatala chili nawo ali ndi mzere wa azimayi oyembekezera kuyambira m'mawa, ndipo sitingawachotse pamzere chifukwa cha munga. Tikuvomereza kuti mayi amene akutaya magazi ndi woyamba nthawi zonse. Koma mzere wa azimayi umatha, ndipo makina amafundidwa nsalu masana onse. Komanso mfundo yakuti ntchito zotere n'za madokotala akuluakulu okha dziko lino linaitsutsa kalekale. Mu 1985 kunayamba maphunziro a miyezi 18 a ma orthopaedic clinical officer, ndipo mpaka lero ndi iwo amene asenza ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala za m'maboma. Pa sikani penipenipo chitsanzo chilipo. Njira ya FASH, yofufuzira zizindikiro za TB m'mimba ndi kuzungulira mtima mwa anthu amene ali ndi HIV, inakonzedwa dala kuti wogwira ntchito amene si katswiri wojambula aiphunzire m'masiku ochepa, ndipo yagwiritsidwa ntchito ku Lighthouse ku Lilongwe. Chinsinsi chake n'chakuti safunsa makina kuti m'thupi muno muli chiyani. Amafunsa mafunso ochepa oyankhidwa ndi inde kapena ayi. Phazi lingathe kukhala ndi mndandanda wake wotero: muli munga kapena mulibe, muli mafinya kapena mulibe, mtsempha ndi wathunthu kapena waduka, mnyewa wakhuthala kapena ayi.

Kumayiko olemera mafunso amenewa ambiri amatumizidwa ku MRI. Kuno makina oyamba a MRI anafika ku chipatala cha Queen Elizabeth mu 2008, ndipo ngakhale lero ali m'mizinda ikuluikulu yokha. Wothyola tiyi sadzakwera minibasi kupita ku Blantyre chifukwa cha chidendene. Pamene sikani yachepa thupi mpaka ina, monga Butterfly iQ ndi Philips Lumify, imalumikizidwa ku foni kapena tabuleti n'kuyenda m'thumba, yosadalira kuti magetsi ayake. Ngakhale jelo si chowiringula. Ku DR Congo ofufuza anayesapo phala la ufa wa chinangwa m'malo mwake ndipo zithunzi zinaoneka, ngakhale kuti pabala lotseguka ndi pobaya singano pamafunikabe jelo wopanda tizilombo. Pa zala, pamene probe sikhazikika bwino, phazi limangoviikidwa m'beseni la madzi n'kuunika kudzera m'madzimo.

Chotsutsa chimene chimatiopsa ife si cha nthawi kapena ndalama. Ndi chakuti sikani imanama m'manja mwa wophunzira mwatheka. Mtsempha wabwinobwino umaoneka woyera pokhapokha mafunde akaugunda molunjika. Mukapendeketsa probe pang'ono chabe umada, n'kuoneka ngati wang'ambika. Wosadziwa amalemba matenda amene kulibe, munthu n'kuikidwa chikhakha pachabe. Sikani sionanso mkati mwa fupa. Munthu wa matenda a shuga amene ali ndi chilonda chosapola kuphazi angakhale ndi matenda m'fupa pamene chithunzi chikuoneka chabwino, ndipo iyeyu amafunika kuyezedwa ngati phazi likumva kukhudza, ngati magazi akufika, ndi kujambulidwa X-ray. Wobinya kakolo amene sangathe kuponda mapazi anayi, kapena amene akumva ululu mukadina kumbuyo kwa mafupa awiri a m'mbali mwa kakolo kapena patsinde pa fupa la kachala kakang'ono, malamulo a Ottawa a mu 1992 amati apite ku X-ray, ndipo sikani isalowe m'malo mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yankho la zoopsa zimenezi ndi kuphunzitsa bwino pakoleji, pamene pali mphunzitsi woima kumbuyo kwako, chifukwa makinawa akufika ndithu m'zipatala, ndipo amene sanaphunzitsidwe adzadziphunzitsa okha pa YouTube, odwala ndiwo adzakhale mabuku awo.

Ife a Adventist nkhani ya phazi siyenera kutidabwitsa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 mishoni ya Malamulo inadziwika ndi kusamalira odwala khate, ndipo aliyense wodziwa khate amadziwa kuti nkhondo yake yaikulu ili kumapazi. Anali Paul Brand, dokotala wa mishoni ku Vellore ku India, amene anaonetsa kuti zala za akhate sizimangowola zokha, zimatha chifukwa phazi losamva ululu limavulala mobwerezabwereza mwini wake osadziwa. Amene anatsogola pa ntchito imeneyi ankavula nsanza kumapazi a anthu n'kuyang'ana. Komanso kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, Sabata la Mgonero, timagwada ndi beseni ndi thawulo n'kusambitsana mapazi potsatira zimene zili pa Yohane 13, mwambo umene mipingo yambiri inausiya. Amene wasambitsapo mapazi a mkulu wa mpingo wa kumudzi akudziwa zimene zimaoneka m'besenimo: zikang'a zakuya, zipsera za matekenya, chala chimene chinathyoka kale n'kupola chokhota, kakolo wotupa amene mwini wake sanamutchulepo kwa aliyense. N'zodabwitsa kuti anthu a mwambo wotere angakhale ndi zipinda zoonera odwala mmene munthu wodandaula phazi amatuluka ndi chikalata cha mankhwala nsapato isanavulidwe. Ubwino wina wa sikani, umene mabuku satchula, ndi wakuti sungaunike phazi uli kuseri kwa tebulo. Umayenera kudzuka, kuvula nsapato ya munthuyo, kupukuta fumbi ndi kugwira.

Chimene tikupempha kwa aphunzitsi athu ndi kwa oyang'anira zipatala za mpingo si chachikulu. Probe imodzi yowongoka pa makina amene alipo kale. Masana awiri pa sabata, m'nyengo imene tili ku maphunziro a mafupa, pamene makinawo apuma. Kabuku kolembamo kuti wophunzira aliyense waunika mapazi abwinobwino angati asanakhudze la wodwala, chifukwa sungazindikire chodwala usanazolowere chabwino, ndiponso lamulo loti chithunzi chilichonse chokayikitsa chisungidwe n'kuonetsedwa kwa wodziwa. Zoyeserera sizifuna bajeti. Kalasi ya anthu 40 ili ndi zidendene 80 ndi mitsempha ya Achilles 80, ndipo anyamata a timu ya mpira ali ndi akakolo obinya okwanira chaka chonse. Pophunzira kusaka munga, m'mayiko ena amabisa kamtengo kotokosera m'mano m'ntchafu ya nkhuku n'kuuza wophunzira kuti akapeze ndi kukatulutsa. Anzathu osadya nyama asade nkhawa, ntchafuyo siidyedwa pambuyo pake, ndipo amene sakufuna n'kuigwira komwe angagwiritse ntchito chibuma cha tofu, chimene chimaonetsa kamtengoko bwino lomwe.